Masamu akunena china, maso akuona china: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya mwayi

Kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi madzulo, pakhonde la nyumba yanga ku Mtendere pamakhala ana a Giredi 11 ndi 12 amene ndimawathandiza masamu. Pa mitu yonse ya m'silabasi, umene umautsa mkangano kwambiri ndi probability, umene ine ndimangoutchula kuti masamu a mwayi. Mkanganowo suthera pakhondepo. Ana amapita nawo kunyumba, kenako umabwerera kwa ine kudzera mwa makolo, azichimwene awo obetcha mpira, ngakhale agogo olima ku Chongwe. Dandaulo limakhala lomwelomwelo: buku lanena china, koma zimene taona ndi maso athu n'zina. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndafunsidwa mobwerezabwereza.

Kodi mwayi wa m'masamu ndi womwe uja timanena tikamati "mwana uyu anabadwa ndi mwayi"?

Ayi. Wa m'masamu ndi nambala chabe, yoyambira pa 0 kulekeza pa 1. Chosatheka n'komwe chili pa 0, chosalephereka chili pa 1, zina zonse zili pakatipo. Tengani 50 ngwee ija inayamba kugwira ntchito mu 2013. Mbali ina kuli njovu, mbali ina chizindikiro cha dziko. Mbali ndi ziwiri ndipo palibe imene ikuoneka yokonderedwa, choncho timati mwayi wa njovu ndi 1/2. Dayisi ya Ludo ili ndi nkhope 6, ndiye mwayi wa sikisi ndi 1/6.

Nambala zimenezi sitinazipeze poponya. Tazipeza pongoganiza, titakhala pampando, ndipo uku ndiye kulosera kwa masamu. Mukaponyadi n'kumalemba zotuluka m'kope, zimene mwalembazo ndiyo sampulo. Ntchito yagona pa kuika ziwirizi pafupi n'kuweruza ngati zikugwirizana.

Nanga expected value ndi chiyani? Aphunzitsi akusukulu akuti ya dayisi ndi 3.5, pomwe dayisi ilibe nkhope ya 3.5.

Dzinalo ndi limene limasocheretsa. Munthu ukamva kuti "choyembekezeka" umaganiza kuti ndi chimene chituluke ukaponya. Koma iyi ndi avareji imene mungapeze mutaponya kambirimbiri. Phatikizani 1, 2, 3, 4, 5 ndi 6, mupeza 21. Gawani ndi 6, mupeza 3.5. Palibe tsiku limene dayisi idzaonetse 3.5, koma mukaponya maulendo 1,000 n'kuphatikiza zonse, zidzakhala pafupi ndi 3,500.

Pa ndalama m'pamene zimamveka msanga. Tiyerekeze kuti pa tchalitchi pali rafo, matikiti 200 a K10 iliyonse, mphoto ndi K1,000 imodzi. Mwayi wa tikiti yanu ndi 1/200. Chulukitsani K1,000 ndi 1/200, mupeza K5. Ndiye kuti mwagula chinthu cha K5 pa mtengo wa K10. Palibe amene adzabwerere kunyumba ndi K5: mmodzi adzatenga K1,000, ena onse chimanjamanja. Pa rafo ya tchalitchi palibe vuto, chifukwa K5 inayo ndi imene ikukagula malata, ndipo aliyense akudziwa.

Maganizo amenewa anachokera kwa otchova njuga. Mu 1654 Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat a ku France ankalemberana makalata pofuna kudziwa kuti ndalama zigawidwe bwanji masewera akadukizidwa asanathe. Yankho lawo linali lakuti aliyense atenge molingana ndi mwayi umene anali nawo wopambana.

Ndaponya ndalama maulendo 10, njovu yatuluka ka 7. Buku likuti ka 5. Ndani akunama?

Palibe. Buku silinalonjeze 5, langonena kuti 5 ndiye pakatikati.

Ndalama ikaponyedwa maulendo 10, pali njira 1,024 zimene njovu ndi chizindikiro zingatsatizanire. Mwa njira zimenezi, 252 zokha ndi zimene zimapereka 5 ndi 5. Kutanthauza kuti kufanana ndendende kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi. Pa maulendo atatu otsalawo mbali ina imaposa inzake. Kuti mbali imodzi, kaya njovu kaya chizindikiro, ituluke ka 7 kapena kuposa, njira zake ndi 352, komwe ndi kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Choncho zimene mwaonazo si zachilendo. Kusiyana kotereku kumachitika kawirikawiri kuposa 5 ndi 5 imene mumaidikirayo.

Ndikakhala ndi ana ambiri ndimawauza aliyense aponye ka 10 n'kutchula zake mokweza. Wina 4, wina 6, wina 8, ndipo wa 8 uja anzake amayamba kumunena kuti wabera. Kenako timaphatikiza za onse pa bolodi. Chodabwitsa ana n'chakuti zophatikizazo zimayandikira theka ngakhale kuti ambiri a iwo sanapeze theka.

Ndiye kusiyana kukule kufika pati kuti ndiyambe kukayika?

Ili ndiye funso lenileni. Kungoona kuti sampulo yasiyana ndi kulosera si umboni wa chilichonse, chifukwa imasiyana pafupifupi nthawi zonse. Chofunika ndi kudziwiratu kuti mwayi pawokha, popanda chinyengo kapena cholakwika, umasocheretsa zinthu mtunda wautali bwanji.

Mtunda umenewu uli ndi muyeso wake. M'buku amautchula standard deviation, ine ndimauza ana kuti ndi sitepe. Kapezedwe kake n'kotere: tengani chiwerengero cha maulendo, chulukitsani ndi mwayi woti chinthucho chichitike, chulukitsaninso ndi mwayi woti chisachitike, kenako dinani √ pa kakyuleta. Pa maulendo 100 a ndalama: 100 × 1/2 × 1/2 ndi 25, ndipo √25 ndi 5. Sitepe ndi 5.

Maulendo akakhala ambiri ndithu, pafupifupi ka 95 pa 100 zotuluka zimagwera mkati mwa masitepe awiri kuchokera pakatikati. Choncho mukaponya ka 100, njovu ikatuluka pakati pa 40 ndi 60, palibe nkhani. Ikafika 65, amenewo ndi masitepe atatu, yang'anitsitsani ndalamayo ndi dzanja la woponya. Ikafika 70, ine sindingabetche ndi munthu ameneyo.

Taonani chinthu china. Njovu 7 pa 10 ndi njovu 70 pa 100 zonse ndi 70 peresenti. Yoyambayo ndi ya tsiku ndi tsiku, yachiwiriyo mutha kukalamba musanaione. Peresenti yopanda kunena kuti ayesa kangati siuza munthu kanthu.

Alipo munthu anakhaladi pansi n'kuponya ndalama kambirimbiri, kapena n'zongolemba?

Alipo, ndipo mmodzi anali wa kufupi kuno. John Kerrich ankaphunzitsa masamu pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamupeza ku Denmark mu 1940, ndipo anatsekeredwa mu kampu. Nthawi inalipo yambiri, ndiye anaponya ndalama maulendo 10,000. Mbali ya mutu inatuluka ka 5,067. Kale kwambiri iye asanabadwe, Buffon wa ku France anali ndi zotsatira za maulendo 4,040, ndipo mutu unatuluka ka 2,048.

Tiyese za Kerrich ndi lamulo lathu lija. Pakatikati ndi 5,000. Sitepe ndi √2,500, yomwe ndi 50. Iye anapitirira ndi 67, sitepe imodzi ndi kachidutswa. Zili bwinobwino.

Apa pali phunziro limene ambiri amaliphonya. Woponya ka 10 amasiyana ndi pakatikati ndi 1 kapena 2. Kerrich anasiyana ndi 67. Ndiye kuti maulendo akamachuluka, kusiyana kwa chiwerengero kumakula, sikuchepa. Chimene chimachepa ndi gawo lake: 67 pa 10,000 sikufika ndi 1 peresenti yomwe. Ili ndiye lamulo la manambala aakulu la Jacob Bernoulli, limene linasindikizidwa mu 1713, mwini wake atamwalira kale.

Mu 2023 gulu lina la akatswiri linaponya ndalama maulendo oposa 350,000 ndipo linapeza kuti ndalama imakonda pang'ono kugwa mbali yomwe inali pamwamba poyamba, pafupifupi 50.8 peresenti. Kukondera kochepa choncho simungakuone ndi maulendo 100. Kumabisala m'kati mwa sitepe.

Pa Ludo ndaponya ka 10 wopanda sikisi. Si ndiye kuti tsopano yayandikira?

Siyinayandikire ndipo siyinatalikire. Dayisi ilibe kope lolembamo ngongole. Ulendo wa 11 mwayi ukadali 1/6, ngati mmene unalili poyamba.

Kukhala maulendo 10 osatulutsa sikisi kumachitika pafupifupi ka 16 pa 100. Mukamasewera anthu anayi madzulo aliwonse, sipatenga masiku kuti wina zimugwere, ndipo iye ndi amene amadandaula kuti mvula ikakuona litsiro siikata. Ine mwambiwo sindiutsutsa pa za moyo, koma dayisi siona litsiro la munthu.

Ana amandifunsa kuti, nanga lamulo la Bernoulli lija likwaniritsidwa bwanji ngati dayisi sibweza zimene yakumana? Silikwaniritsidwa pobweza koma posungunula. Mchere ukachuluka m'kapu ya madzi, mukathira madziwo mu diramu lodzaza, mchere uja sunachoke, koma simuumvanso. Masikisi awiri amene munamanidwa aja amamira m'maulendo masauzande obwera pambuyo.

Pa 18 Ogasiti 1913, ku kasino ya Monte Carlo, kampira ka roulette (njuga ya gudumu la timipata tofiira ndi takuda) kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 motsatizana. Anthu anataya chuma chambiri pobetcha pa wofiira, aliyense akuti tsopano basi wafika.

Pa paketi ya mbewu alemba kuti imamera 90 peresenti. Ndabzala 20, zamera 16. Andibera?

Funso ili ndimaliyankha ndi manyazi, chifukwa linandichitikira ine mwini.

Chaka china, mvula isanayambe, ndinagula mbewu ya chimanga m'tauni yoti ndikabzale pa kamunda kathu ku Chongwe. Ndinatapa njere 20 n'kuziika m'beseni la mchenga kuseri kwa nyumba. Patatha sabata zinamera 16. Ndinawerenga msanga: 80 peresenti. Ndinakwera basi mpaka kusitolo kuja, beseni lili m'chikwama, n'kuyamba kulankhula mokweza pamaso pa makasitomala ena. Mayi wogulitsayo sanakwiye. Anangoti, "Ba ticha, mbewu 20 chabe? Kayeseni zambiri, zikakanika mubwere nayo paketi."

Ndili m'basi pobwerera ndinachita masamu amene ndinayenera kuchita ndisananyamuke. Ngati mbewu ilidi ya 90 peresenti, pa njere 20 pakatikati ndi 18. Koma kuti zimere 16 kapena kucheperapo zimachitika pafupifupi ka 13 pa 100. Ndiye kuti mwa alimi 8 alionse ogula mbewu yabwinobwino n'kuyesa monga ndinachitira ine, mmodzi akhoza kukalalatira wogulitsa wosalakwa.

Nditafika ndinanyowetsa thumba la ziguduli, n'kuyalapo njere 100 m'mizere 10, kulikulunga ngati mphasa, n'kuliika pamthunzi. M'mawa uliwonse ndinkaliwaza madzi. Pa tsiku la 7 ndinalifunyulula: 88 zinali ndi kamuzu koyera ndi kansonga. Pa njere 100 sitepe ndi √9, yomwe ndi 3, choncho chilichonse kuyambira 84 mpaka 96 chikugwirizana ndi zolembedwa pa paketi. Zikanamera 80 pa 100, apo ndiye ndikanakhala ndi mlandu weniweni, chifukwa ndi kupitirira masitepe atatu.

N'chifukwa chake malabu oyesa mbewu amagwiritsa ntchito njere 400. Kuno kwathu ntchito yoyesa ndi kuvomereza mbewu ili m'manja mwa Seed Control and Certification Institute ku Chilanga. Pa njere 400 pakatikati ndi 360 ndipo sitepe ndi 6, ndiye mbewu yofooka ilibe pobisala. Koma kumbukirani kuti nambala ya pa paketi ndi ya tsiku limene anayesa. Mbewu ikakhalitsa pamalo otentha kapena a chinyezi, mphamvu yake imatsika, ndipo pamenepo zimene mwapeza pa thumba lanu n'zimene zili zoona lero.

Kusitolo kuja ndinapitako kukapepesa. Mayi aja anaseka mpaka kugwira kauntala.

Ndikukayikira dayisi ya mnzanga. Nkhope ndi 6, ndiziyesa bwanji zonse pamodzi?

Iponyeni ka 60. Nkhope iliyonse pakatikati pake ndi 10. Tinene kuti mwapeza izi: wani ka 8, thuu ka 9, firii ka 12, folo ka 7, faifi ka 9, sikisi ka 15. Sikisi ikuoneka yokayikitsa, eti?

Karl Pearson wa ku London anapereka njira yake mu 1900, yotchedwa chi-squared. Pa nkhope iliyonse pezani kusiyana ndi 10, kuchulukitseni ndi iko komwe, kenako gawani ndi 10. Kusiyanako ndi 2, 1, 2, 3, 1 ndi 5. Mukachulukitsa mupeza 4, 1, 4, 9, 1 ndi 25, zonse pamodzi 44. Gawani ndi 10, mupeza 4.4. Dayisi yolungama imapereka nambala yozungulira 5, ndipo imapitirira 11 pafupifupi kamodzi kokha pa maulendo 20. Ndiye 4.4 ilibe mlandu. Mnzanuyo musiyeni.

Koma mukanaponya ka 600 n'kupeza 80, 90, 120, 70, 90 ndi 150, magawo ake ndi omwewo, koma nambala ija ikanakhala 44. Dayisi yotero ndi yoponya m'ngalande.

Nkhani imene ndimaikonda pano ndi ya Weldon, mnzake wa Pearson. Iye anaponya madayisi 12 pamodzi maulendo 26,306, n'kumawerenga mafaifi ndi masikisi. Masamu amati zikhale gawo limodzi mwa atatu, 33.3 peresenti. Iye anapeza 33.8. Ndi maso palibe kusiyana. Koma pa madayisi oposa 315,000, kakusiyana kameneko ndi masitepe asanu, ndipo mwayi pawokha sufika kumeneko. Ambiri amaganiza kuti chifukwa chake ndi timaenje tokumbidwa pa nkhope za dayisi: nkhope ya timaenje tambiri imapepuka, ndiye imakonda kukhala pamwamba. Apa sampulo inapambana, kulosera kunagonja. Masamu sanalakwe, chimene chinalakwika ndi ganizo loyamba lija loti nkhope zonse n'zofanana.

Ndiye sampulo ikakhala yaikulu, nkhani yatha?

Ayi ndithu. Mayi wophika salawa mphika wonse wa ndiwo. Supuni imodzi imakwana, bola atayamba watakasa. Akalawa pamwamba osatakasa, ngakhale atamwa kapu yathunthu, sadziwa za mchere umene wakhala pansi.

Aliyense wogula tomato ku Soweto Market amazidziwa izi. Bokosi pamwamba pake amayala zikuluzikulu zofiira bwino. Mutayang'ana 50 za pamwamba, mwayang'ana zambiri, koma simunadziwe za bokosilo. Zisanu zotola pansi, pakati ndi m'mbali zikuuzani zoona kuposa 50 zija. Lamulo la masitepe limagwira ntchito pokhapokha chinthu chilichonse chili ndi mpata wofanana wotoledwa.

Mu 1936 magazini ya Literary Digest ku America inalandira mayankho oposa 2 miliyoni pa za chisankho cha pulezidenti, ndipo inalengeza kuti Landon apambana. Koma wopikisana naye, Roosevelt, ndiye anatenga zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri anawatenga m'mabuku a eni matelefoni ndi eni magalimoto, pa nthawi imene osauka analibe zimenezo, komanso oyankha anali okhawo amene anafuna kuyankha. Kunali kulawa pamwamba pa mphika.

Kalembera ngati wa 2022, amene anapeza kuti m'Zambia muli anthu oposa 19 miliyoni, amafuna kuwerenga aliyense, n'chifukwa chake sachitika chaka ndi chaka. Pakati pa makalembera, a Zambia Statistics Agency amadalira masampulo a makomo osankhidwa mwa dongosolo m'zigawo zonse. Anthu 1,000 osankhidwa bwino amapereka yankho losaphonya kwambiri kuposa 3 peresenti uku kapena uku. Koma mavoti a pa Facebook kapena a oimba foni pa wailesi, ngakhale atafika 50,000, amangokuuzani maganizo a amene anali ndi bandulo ndi mkwiyo tsiku limenelo.

Mlamu wanga wabereka atsikana asanu motsatizana. Kwa amuna ake akuti pali china chake. Masamu akuti chiyani?

Akuti palibe chodabwitsa. Mwayi wa mtsikana uli pafupi ndi theka. Kunena mwatchutchutchu, anyamata amabadwa ochulukirapo pang'ono, pafupifupi 105 pa atsikana 100 alionse, ndipo John Arbuthnot anaziona kale zimenezi mu 1710 m'mabuku a ubatizo a ku London a zaka 82. Atsikana asanu motsatizana ndi pafupifupi kamodzi pa 32. Mwa mabanja 1,000 a ana asanu, pafupifupi 30 amakhala a atsikana okhaokha, enanso otero a anyamata okhaokha. Mu Kanyama mokha mabanja oterewa angadzaze tchalitchi.

Ndipo achibale amene akuloza chala mayiyo adziwe kuti dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X. Mbewu ya bambo ndi imene imabweretsa X kapena Y. Izi sindikunena kuti chala chitembenukire kwa bambo, chifukwa naye sasankha.

Nkhani yofanana nayo koma yolemera ndi ya sickle cell. Makolo onse awiri akakhala onyamula chabe, osadwala, mwana aliyense ali ndi mwayi wa 1/4 wobadwa ndi matendawa. Bambo wina anandifunsa motsitsa mawu kuti, popeza woyamba wabadwa nawo, ndiye kuti atatu otsatira apulumuka? Ndinavutika kuyankha, koma yankho ndi ayi. Mimba iliyonse imayambira pa 1/4 yomweyo. Mwa mabanja 100 otere a ana anayi, pafupifupi 32 sakhala ndi mwana wodwala, 42 amakhala ndi mmodzi, 26 amakhala ndi awiri kapena kuposa. Avareji ndi mwana mmodzi pa banja, koma mabanja oposa theka sakhala pa avarejipo. Za kuyezetsa magazi ndi uphungu, pitani kuchipatala. Ine ndimalekera pa nambala.

Mnzanga anawina K8,000 ndi K5 pa kubetcha mpira. Mukamati kubetcha n'kuluza, nanga iyeyo?

Iyeyo ndi sampulo ya munthu mmodzi, ndiponso yosankhidwa ngati tomato wa pamwamba pa bokosi. Wowina amajambula tikiti n'kutumiza pa WhatsApp. Oluza matikiti awo ali m'ngalande.

Tiyeni tiwerenge. Tiyerekeze kuti ma odds (nambala zochulukitsira ndalama yanu mukawina) a masewera ena ndi 2.00 timu ya pakhomo, 3.20 kufanana mphamvu, 3.60 alendo. Gawani 1 ndi nambala iliyonse: mupeza 50 peresenti, 31 peresenti ndi 28 peresenti. Kuphatikiza ndi 109. Koma zotheka zonse pamodzi ziyenera kukhala 100. Kachidutswa kapamwambako ndiko phindu la kampani. Pa K100 iliyonse yobetchedwa, avareji yobwerera kwa obetcha ndi pafupifupi K92.

Tsono anyamata ambiri sabetcha gemu imodzi. Amalumikiza magemu 10 pa tikiti imodzi kuti K5 ibale zikwi. Gemu iliyonse imadula gawo lake, ndiye 0.92 ichulukitsidwe ndi iyo yomwe ka 10. Zotsala ndi pafupifupi K43 pa K100. Tikiti ikamatalika, mphoto yolembedwa imanona, koma mtengo wake weniweni umaonda.

Kampani siopa mnzanu uja. Iyo ili ngati Kerrich, imaponya maulendo masauzande tsiku lililonse, ndiye zake zimakhala pafupi ndi avareji. Inu mumaponya kawiri pa sabata, ndiye mumaona zokwera ndi zotsika, n'kumakumbukira zokwera zokha. Amene akuti mpira amaudziwa kuposa kampani, ndimamupempha chinthu chimodzi: agule kope, alembe tikiti iliyonse kwa miyezi itatu, yowina ndi yoluza yomwe, kenako tidzaphatikize limodzi. Mpaka lero palibe wabwera nalo kope.

Sampulo ikagwirizana ndi kulosera, ndiye kuti kuloserako n'koona?

Ndiye kuti sikunagwidwe bodza. Ndalama yokondera pang'ono, ya 52 peresenti, ikhoza kupereka 50 pa 100 mosavuta. Sampulo yaing'ono imavomereza zambiri, ngati mboni yosaona bwino. Ikamakula m'pamene imayamba kukana.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno wofufuza mmene zomera zimatengera makolo ake, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1866. Iye anati pa nsawawa zake, zosalala zidzakhala zitatu pa yokwinyika imodzi iliyonse. Anawerenga njere 7,324 ndipo zosalala zinali 5,474. Kulosera kunali 5,493. Kusiyana ndi 19, pomwe sitepe ndi 37. Pa chiwerengero chachikulu chotere, kugwirizana kumeneku kuli ndi mphamvu.

Komabe mu 1936 Ronald Fisher anaphatikiza zoyesa zonse za Mendel n'kunena kuti zikugwirizana ndi kulosera mopitirira muyeso, kuposa mmene mwayi umalolera. Akatswiri akhala akukangana za chifukwa chake, ngakhale kuti malamulo a Mendel enieniwo anatsimikizidwa ndi anthu ena ambiri pambuyo pake.

Kugwirizana kwambiri kungakhalenso kokayikitsa?

Kwambiri. Umu ndi mmene ndimagwirira ana osachita homuweki.

Tsiku lina ndinawatuma kuti akaponye dayisi ka 60 kunyumba. Mnyamata wina wa ku Kalingalinga, wanzeru ndithu, anabwera ndi tebulo loyera bwino, lojambulidwa ndi rula: nkhope iliyonse ka 10. Ndinamufunsa kuti dayisi anaitenga kuti. Akuti ya Ludo ya mlongo wake. Ndinamuuza kuti 10 pa nkhope zonse 6 zimachitika kamodzi pa maulendo oposa 13,000, ndiye kaya ndi munthu wamwayi kuposa onse mu Lusaka, kaya anaonera mpira m'malo moponya. Anzake anafa nacho chiseko. Iye anangoti, "Ba ticha, ndimafuna muone kuti ndamvetsa."

Sabata yotsatira ndinawapatsa ya ndalama, maulendo 100, alembe N pa njovu, C pa chizindikiro. Opeka amadziwika msanga. Munthu akamapeka amaopa kubwereza, akalemba N katatu dzanja limathamangira ku C. Koma ndalama yeniyeni ilibe manyazi: pa maulendo 100, pafupifupi ka 8 pa 10 pamapezeka mzere wa mbali imodzi yotsatizana ka 6 kapena kuposa. Ndinayala mapepala onse pa benchi, n'kupatula anayi amene munalibe mzere woposa zitatu. Atatu mwa eni ake anavomera pomwepo. Wachinayi, mtsikana wachete wa ku Kabulonga, anakana kwamtuwagalu, ndipo ndinamusiya, chifukwa masamu omwewo amati zoterezi n'zosowa kwambiri koma sanena kuti n'zosatheka.

Mnyamata wa tebulo loyera uja pepala lake linali lothimbirira, lofufutafufuta, njovu 56, ndipo chapakati panali ma C asanu ndi awiri motsatizana amene anawazunguliza ndi bolopeni yofiira n'kulemba pambali kuti, "Izi sindinapeke."